Asanagawe mapuloti m'mbali mwa phiri, amayi tifunse

Amayi anzanga, mukamva kuti a gulupu aitanitsa msonkhano wogawa malo m'munsi mwa phiri, mumapita kapena mumati imeneyo ndi nkhani ya abambo? Ine ndine namwino komanso mzamba, ndipo ndikukupemphani kuti muzipita. Nyumba zikamangidwa pamalo olakwika, ovulala amafikira m'manja mwathu kuchipatala, ena safika n'komwe.

Kuno ku Mulanje malo ndi ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000 m'boma lino, chikhalirecho malo ambiri achonde ali ndi minda ya tiyi, ndipo phiri lenilenilo ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927. Ana athu akakula n'kufuna pomanga, maso amaloza kumtunda, kumene malo otsetsereka amapezeka motchipa.

Koma madzi saiwala khwawa. Mu Marichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana ku Phalombe. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osakata. Matope ndi miyala zinakwirira nyumba ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche, ku Chiradzulu, ku Phalombe ndi kwathu kuno. M'dziko muno anthu oposa 600 anamwalira, oposa 500 sanapezeke, ndipo oposa 650,000 anasowa pokhala. Chipatala cha Nkhulambe nacho chinawonongeka. M'masiku amenewo ndinalandira mayi wina yemwe matenda a uchembere anamuyamba usiku, mlatho utaduka. Abale anamunyamula pamachira kwa maola ambiri. Mayiyo anapulumuka, koma mwana sanalire.

Dothi la pamalo otsetsereka limagwidwa ndi mizu ya mitengo. Mitengo ikatha ndi makala ndi nkhuni, wina n'kudula chitunda kuti asalaze pomanga nyumba, dothi la kumtunda limatsala lopanda chogwirira. Likakhuta madzi limalemera n'kugumuka, ndipo oyamba kukwiririka ndi a m'munsi, amene mwina sanadule mtengo ndi umodzi womwe.

Malamulo otiteteza alipo. Lamulo la mapulani a malo la 2016 linaika dziko lonse, midzi yomwe, pansi pa mapulani, kotero kuti wofuna kudula mapuloti ambiri ayenera kudzera ku khonsolo ya boma. Lamulo la malo a m'midzi la chaka chomwecho likunena kuti komiti yoyang'anira malo kwa gulupu ikhale ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, kuwonjezera pa a gulupu eni ake, ndipo osachepera atatu akhale amayi. Freddy atadutsa, mu 2023 Nyumba ya Malamulo inavomerezanso lamulo latsopano lothana ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi. Komanso pa mwambo wathu wa chikamwini, malo amayenda kuchikazi. Nanga tikhalirenji chete?

Mukafika pamsonkhano wa mapuloti, kaya kwa a gulupu, ku VDC kapena ku ADC, funsani izi mwaulemu koma mosaopa.

Choyamba, madzi a mvula azidutsa pati? Funsani agogo a m'mudzimo kumene napolo anadutsa kale. Pamene pali miyala ikuluikulu yomwazikana m'munda, dziwani kuti inachita kubwera ndi madzi.

Chachiwiri, zimbudzi zidzakumbidwa pati? Chimbudzi chikakhala kumtunda kwa kasupe kapena chitsime, zoipa zimatsikira m'madzi akumwa. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno. Chimbudzi chikhale kumunsi kwa madzi, pa mtunda wosachepera mamita 30.

Chachitatu, kodi ambulansi idzafika m'nyengo ya dzinja? Mayi amene akutaya magazi atangobereka akhoza kumwalira pasanathe maola awiri. Kanjira kongodutsa kabaza m'chilimwe si msewu ayi.

Chachinayi, kodi a khonsolo, a zankhalango ndi a zaumoyo anabwera kudzaona malowo ndi maso? Ngati anabwera, kalata yawo iwerengedwe pagulu. Ngati sanabwere, pemphani kuti kugawa kuyambe kwaima.

Ndikudziwa kuti kufunsa kotere n'kovuta. Wogulitsa malo akhoza kukhala malume anu, wogula n'kukhala mwana wanu amene watopa ndi lendi. Sitikuletsa anthu kumanga. Tikufuna amange pamene adzagone tulo mvula ikamagwa usiku. N'chifukwa chake musapite nokhanokha. Kambiranani kaye kumphakati kapena pa msonkhano wa bungwe lathu, musankhe amayi awiri kapena atatu okayankhula, wina azilemba mayankho m'kope. Ndipo chisankho cha komiti ya malo chikafika, imani nawo.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mvula ya chaka chino isanayambe, pitani mukaone pamene akhoma zikhomo za mapuloti m'dera lanu, kenaka mukafunse a gulupu tsiku la msonkhano.