Kodi Mphamvu za Maiko pa Hockey ya pa Madzi Oundana Tiziyeza Bwanji?

Nthawi zonse pamene mpikisano waukulu wa hockey ya pa madzi oundana uyandikira, manyuzipepala a ku Ulaya ndi ku North America amadzaza ndi mindandanda yosonyeza dziko limene lili patsogolo ndi limene lili pambuyo. Olemba amawerenga maina a osewera otchuka a dziko lililonse, naika matimu pa sikelo, nagamula mlandu masewera asanayambe nkomwe. Ntchito imeneyi siitha, pakuti mpikisano wa maiko onse umachitika chaka ndi chaka, ndipo kutsogoloku kuli World Cup of Hockey imene inalengezedwa mu 2025 kuti idzachitika mu 2028, ndiponso masewera a Olympic a nyengo yachisanu a 2030 amene anapatsidwa kwa dziko la France. Funso limene tifuna kuliunika pa tsamba lino ndi lakuti: kodi miyeso yotereyi tingaikhulupirire kufikira pati?

Poyamba tiyenera kuthandiza awerengi athu amene sanaonepo masewerawa. Bwalo lake ndi madzi oundana otchingidwa ndi mpanda wa matabwa. Osewera amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chopyapyala kunsi kwake, chimene amatsetsereka nacho mwaliwiro loposa la munthu wothamanga, ndipo ndi ndodo zokhota kumapeto amamenya kampira kalabala, kolimba ndi kaphwatalala, kamene eni ake amakatcha puck. Mbali iliyonse imakhala ndi anthu 6 m'bwalo, mmodzi wa iwo ndiye goloboyi, ndipo amasewera zigawo zitatu za mphindi 20 chilichonse. Popeza liwiro lake ndi lotopetsa zedi, osewera amalandirana mwina mphindi imodzi isanathe, kotero kuti timu imagwiritsa ntchito anthu pafupifupi 20 pa masewera amodzi. Mfundo imeneyi tiisunge, chifukwa itanthauza kuti akatswiri awiri kapena atatu sangasenze timu yonse paokha.

Mndandanda wa bungwe la IIHF

Bungwe loyendetsa masewerawa pa dziko lonse ndilo International Ice Hockey Federation, kapena IIHF mwachidule, limene linakhazikitsidwa ku Paris mu 1908 ndipo likulu lake lili ku Zurich. Bungweli lili ndi mndandanda wake wa maiko. Limawerengera mmene dziko lachitira pa mipikisano inayi yapitayo ya World Championship pamodzi ndi masewera a Olympic otsiriza, ndipo mapointi a chaka chakale amachepa mphamvu chaka chilichonse kufikira atafafanizika.

Kuwerengera kotere kumaoneka kolungama, komatu kuli ndi chilema chimodzi chachikulu. World Championship imachitika mwezi wa May, nthawi yomwe matimu amphamvu a ligi ya National Hockey League, imene anthu amaitcha NHL, ali mkati molimbirana chikho cha Stanley Cup. Ligi imeneyi, ya matimu 32 a ku Canada ndi ku United States, ndiyo imalemba ntchito osewera opambana a maiko onse. Chotero wosewera amene timu yake ikuchita bwino ku NHL sapezeka pa mpikisano wa maiko, ndipo ena amene ali ndi mpata amakana chifukwa cha kutopa kapena kuvulala. Mndandanda wa IIHF tsono umayeza anthu amene anabwera, osati mphamvu yonse imene dziko lili nayo.

Ngakhale pa Olympic nkhani yake ndi yomweyo. Osewera a NHL analoledwa kupitako koyamba mu 1998 ku Nagano, napitiriza kufikira 2014 ku Sochi. Mu 2018 ndi mu 2022 sanapite. Mu 2018 Germany inafika ndime yotsiriza, nigonja 4-3 m'nthawi yoonjezera kwa osewera a ku Russia, ndipo mu 2022 ku Beijing Finland inatenga mendulo yake yoyamba ya golide. Ulemu wa maiko amenewa sitiuchepsa ayi, koma munthu wofuna kuyerekeza matimu ayenera kufunsa kaye kuti pa mpikisano umene akuuwerengerawo panabwera yani. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Katswiri amene dzina lake lili papepala koma mwini wake sanakwere ndege sangachinye chigoli.

Mmene odziwa anasocherera

Mbiri ya masewerawa ili ndi zitsanzo zambiri za odziwa amene anasochera poyeza. Canada ndiko kwawo kwa hockey: masewera oyamba olongosoka a m'nyumba anachitikira ku Montreal mu 1875, ndipo mendulo yoyamba ya golide ya Olympic, ya ku Antwerp mu 1920, inapita komweko. Kwa zaka zambiri a ku Canada ankangotumiza kalabu imodzi ya osewera osalipidwa, nabwerako ndi chikho. Koma mu 1954 ku Stockholm, timu ya Soviet Union, imene inalikulowa mpikisanowu kwa nthawi yoyamba, inawagonjetsa 7-2. Anthu a ku Canada anadzitonthoza ponena kuti akatswiri awo enieni a ku NHL anali asanayesedwe.

Mayesowo anafika mu September 1972, pamene akatswiri a ku Canada anakomana ndi Soviet Union pa masewera 8, anayi ku Canada ndi anayi ku Moscow. Olemba nkhani ambiri a ku Canada analosera kuti timu yawo idzapambana onse kapena pafupifupi onse. Anthu amene anatumidwa kukaona adaniwo anapeza goloboyi wachinyamata, Vladislav Tretiak, pa tsiku limene anasewera moipa, nabwerako ndi uthenga wakuti ndi wofooka. Pa masewera oyamba ku Montreal, Soviet Union inapambana 7-3. Canada inapulumuka pa masewera otsiriza, pamene Paul Henderson anachinya kutatsala masekondi 34, ndipo mathero ake anali akuti Canada inapambana kanayi, nigonja katatu, nilingana kamodzi. Chimene oyeza aja sanachione ndi chakuti osewera a Soviet Union, otsata njira imene anaikhazikitsa mphunzitsi Bambo Anatoli Tarasov, ankakonzekera pamodzi pafupifupi chaka chonse, pomwe a ku Canada anachokera ku tchuthi ndipo anali asanazolowerane.

Mu 1980 gudumu linatembenuka. Kutatsala masiku owerengeka kuti Olympic ya ku Lake Placid iyambe, Soviet Union inagonjetsa anyamata a m'makoleji a ku United States 10-3 ku New York. Panalibe wokayika za mmene zidzathere. Koma pa 22 February anyamata omwewo, motsogozedwa ndi Bambo Herb Brooks, anapambana 4-3, nagonjetsanso Finland ndi kutenga golide.

Goloboyi ndi tsiku limodzi

Chifukwa china chimene miyeso imalepherera ndi kakonzedwe ka mpikisano. Mu NHL matimu awiri amakomana kufikira imodzi itapambana kanayi, choncho wamphamvu amakhala ndi mpata wokonza zolakwa zake. Pa mpikisano wa maiko, kuyambira pa ndime ya matimu 8, wogonja kamodzi watuluka. Pa tsiku lotero munthu mmodzi woima pagolo angathe kufafaniza mphamvu ya gulu lonse.

Umu ndimo zinakhalira ku Nagano mu 1998. Ambiri anayembekeza Canada, imene inali ndi Wayne Gretzky, koma goloboyi wa Czech Republic, Dominik Hašek, anatseka golo pa mapenate a ndime ya matimu anayi, ndipo pa ndime yotsiriza anzake anachinya chigoli chimodzi chokha chimene chinakwanira kugonjetsa Russia 1-0. Canada inabwerera kwawo yopanda mendulo. Mu 2002 ku Salt Lake City, Belarus inatulutsa Sweden 4-3. Mu 2025, pa World Championship, Denmark inagonjetsa Canada 2-1 mumzinda wa Herning, ngakhale kuti m'timu ya Canada munali Sidney Crosby ndi Nathan MacKinnon.

Kukula kwa bwalo nakonso kumawerengedwa. Mabwalo ambiri a ku Ulaya ndi a mamita 60 m'litali ndi 30 m'lifupi, pomwe a NHL ndi a mamita pafupifupi 26 m'lifupi. Pa bwalo lopapatiza mpata umachepa ndipo kugundana kumachuluka. Pa lotakata amapindula odziwa kupatsirana ndi kudekha. Komabe dziko lokhala ndi osewera ambiri abwino limatha kusankha oyenera bwalo lililonse: Canada inatenga golide pa bwalo lopapatiza ku Vancouver mu 2010, nitenganso pa lotakata ku Sochi mu 2014.

Mmene maiko aimira

Nanga zaka zaposachedwazi zatiphunzitsa chiyani? Mu February 2025 akatswiri a NHL a maiko anayi, Canada, United States, Sweden ndi Finland, anakomana ku Montreal ndi ku Boston. United States inagonjetsa Canada 3-1 poyamba, koma pa ndime yotsiriza Canada inapambana 3-2 ndi chigoli cha Connor McDavid m'nthawi yoonjezera. Mu February 2026, pa Olympic ya ku Milan, osewera a NHL anabwereranso, ndipo maiko awiri omwewa anakomananso pa ndime yotsiriza. Ulendo uno United States ndiyo inapambana 2-1, Jack Hughes atachinya m'nthawi yoonjezera, ndipo goloboyi wawo Connor Hellebuyck anatchinga mipira yoposa 40. Iyi inali golide yoyamba ya Olympic ya amuna a dzikolo chichokere 1980. Finland inatenga mendulo yachitatu.

Tinganene tsono kuti pamene akatswiri onse alipo, Canada ndi United States zimaima patsogolo, ndipo kusiyana kwawo kwakhala chigoli chimodzi. Mphamvu yawo ili pa kuchuluka kwa osewera abwino, pakuti ngakhale amene asiyidwa kunyumba angapange timu ina yoopsa. Pambuyo pawo, koma pafupi ndithu, pali Sweden, imene inatenga golide mu 1994 ndi mu 2006, Finland yodziwika ndi mwambo wotchinga pamodzi, ndi Czechia imene inapambana World Championship kwawo ku Prague mu 2024. Kuyandikana kwake kunaoneka ku Milan, kumene masewera atatu mwa anayi a ndime ya matimu 8 anafika m'nthawi yoonjezera. Kenaka pali maiko amene kale ankaonedwa ngati operekeza anzawo: Switzerland inafika ndime yotsiriza ya World Championship mu 2024 ndi mu 2025, Germany mu 2023, ndipo Latvia, dziko la anthu osakwana 2 miliyoni, inatenga mendulo yachitatu chaka chomwecho cha 2023.

Pali mpando umodzi umene unakhala wopanda munthu. Mu 2022 bungwe la IIHF linaletsa Russia ndi Belarus chifukwa cha nkhondo ya ku Ukraine, ndipo Russia sinasewere ku Milan. Pa zaka zimenezi osewera ake sanayesedwe monga timu ya dziko molimbana ndi anzawo amphamvu, choncho muyeso uliwonse wa zaka zimenezi uli ndi mpata umenewu.

Muyeso umene sunama

Ngati maina ndi mindandanda zimasocheretsa, pali muyeso umodzi umene ungakhulupirike koposa yonse, ndiwo ntchito imene dziko linagwira pa ana ake zaka 20 kapena 30 zapitazo. Finland, dziko la anthu pafupifupi 5.5 miliyoni, linamanga bwalo lake loyamba la m'nyumba ku Tampere mu 1965. Chikho chake choyamba cha World Championship chinabwera mu 1995, patapita zaka 30, ndipo zina zinatsatira mu 2011, 2019 ndi 2022. Cha 2019 anachitenga ndi timu imene inali ndi osewera a NHL owerengeka chabe, motsogozedwa ndi Bambo Jukka Jalonen, pomwe ambiri anali ataichotsa kale m'gulu la opikisana.

United States nayo inaona kuti chozizwitsa cha 1980 sichingakhale ndondomeko, pakuti tsabola wakale sawawa. Mu 1996 bungwe lawo linakhazikitsa malo ophunzitsira anyamata osankhidwa a zaka 16 ndi 17 ku Ann Arbor, m'chigawo cha Michigan, kumene anyamatawo ankapita ku sukulu ndi kusewera monga timu imodzi. Jack Hughes anadzera m'ndondomeko imeneyo, chimodzimodzinso Auston Matthews, amene anakulira ku Arizona, dera lotentha la chipululu kumene madzi oundana amapangidwa ndi makina. Golide ya 2026 inafika patapita zaka 30 chiyambire ntchitoyo.

Aphunzitsi ndi ogwira ntchito za Boma amene awerenga tsamba lino sadzadabwa ndi zimenezi, pakuti adziwa kuti zotsatira za mayeso zimachokera ku makalasi oyambirira. Chotero pamene mindandanda ya 2028 ndi ya 2030 iyamba kutuluka, wowerenga wanzeru afunse mafunso atatu: ndani amene adzafikadi pabwalo, ndani adzaima pagolo pa tsiku la wogonja watuluka, ndipo dzikolo linaphunzitsa anyamata angati pamene osewera a lerowa anali ana a sukulu.