Kusaka chipangizo chobisika chimene chikutumiza mafunde a wailesi m'nyumba

Aliyense amene anasakapo nkhululu usiku amadziwa mmene zimakhalira. Kachilomboko sukukaona, koma ukukamva. Umaponda pang'onopang'ono, kulira kukakula umadziwa kuti wayandikira una wake, kukachepa umabwerera. Akatswiri a zamagetsi amachita zofanana ndi zimenezi akamafufuza chipangizo chosadziwika chimene chikutumiza mafunde a wailesi m'kati mwa nyumba.

N'chifukwa chiyani munthu angavutike ndi ntchito yotere? Tiyerekeze kuti wina walumikiza rauta yake mobisa m'laibulale ndipo waipatsa dzina lofanana ndi la Wi-Fi ya pasukulu. Mafoni a anthu angathe kulumikizika kwa iye eni ake osadziwa, iye n'kumawabera mapasiwedi. Nthawi zina chimakhala chikamera chobisika m'chipinda, kapena chipangizo chowonongeka chimene chikusokoneza netiweki ya anthu onse. Kuno ku Malawi, bungwe la MACRA ndi limene limapereka ziphaso zogwiritsira ntchito mafunde a wailesi, ndipo kufufuza amene akusokoneza mafundewo ndi mbali ya ntchito yake.

GPS singathandize pankhaniyi. Choyamba, mafunde ochokera ku masetilaiti amafika pansi ali ofooka kwambiri, moti denga ndi makoma amawatchinga. Chachiwiri, GPS imauza mwini foni pamene waima. Siuza munthu wina pamene pabisika chipangizo.

Chimene timatha kuyeza mosavuta ndi mphamvu ya mafunde amene akufika pa cholandirira chathu. Muyeso umenewu umatchedwa RSSI ndipo nthawi zambiri umalembedwa m'ma dBm. Manambala ake amakhala ndi kamzere kochotsera kutsogolo, choncho -40 dBm ndi mphamvu yaikulu kuposa -80 dBm. Kutsika ndi ma dB 10 kukutanthauza kuti mphamvu yatsala gawo limodzi mwa magawo 10. Timizere ta netiweki timene mumaona pafoni yanu ndi chithunzi chabe cha muyeso womwewu.

Pabwalo popanda chotchinga lamulo lake ndi losavuta: mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu imatsika ndi ma dB 6. Ngati rauta ikupereka -40 dBm pa mita imodzi, pa mamita 2 tiyembekezera -46, pa mamita 4 tipeza -52, ndipo pa mamita 8 tipeza -58. Tikadziwa mtunda kuchokera pa malo atatu osiyana, timajambula mizere itatu yozungulira papepala. Pamene mizereyo yakumana ndi pamene pali chipangizocho.

Vuto loyamba ndi lakuti chipangizo chosadziwika sitidziwa mphamvu imene chikutulutsa. Mawu apansipansi angakhale a munthu amene akunong'ona pafupi, kapena a munthu amene akukuwa ali kutsidya kwa dambo. Njira yothetsera vutoli ndi kuyerekeza miyeso iwiri. Ngati cholandirira choyamba chikuwerenga ma dB 6 kuposa chachiwiri, ndiye kuti pamalo opanda chotchinga chachiwiricho chili patali kawiri kuposa choyamba, kaya chipangizocho n'champhamvu kaya n'chofooka. Popeza mphamvuyo yakhala chinthu chinanso chosadziwika, pamafunika miyeso yambiri kuposa itatu, ndipo kompyuta imasankha malo amene akugwirizana bwino ndi miyeso yonse pamodzi.

Vuto lachiwiri ndi nyumba yeniyeniyo. Khoma la konkire limatha kudya ma dB 10 kapena kuposerapo. Pa chitsanzo chathu chija, -58 dBm ingatanthauze mamita 8 m'holo yopanda zotchinga, koma ingatanthauzenso mamita awiri ndi theka kuseri kwa khoma. Malata ndi makabati achitsulo amabweza mafunde ngati mmene galasi limabwezera kuwala. Mafunde ena amafika molunjika, ena amafika atanjanja pakhoma kapena padenga. Akakumana amatha kuthandizana kapena kufafanizana. Mafunde a Wi-Fi a 2.4 GHz ndi otalika pafupifupi masentimita 12.5 okha, choncho kusuntha foni ndi masentimita ochepa kumatha kusintha muyeso kwambiri. Matupi a anthu nawo, popeza ndi odzaza madzi, amamwa mafundewa. Kalasi yodzaza imapereka miyeso yosiyana ndi kalasi yopanda munthu.

Pofuna kuthana ndi zimenezi, mu 2000 akatswiri awiri a ku Microsoft Research, Paramvir Bahl ndi Venkata Padmanabhan, anafalitsa njira imene anaitcha RADAR. Iwo anayenda m'nyumba ya maofesi awo akuyeza mphamvu ya mafunde malo ndi malo, n'kupanga mapu a miyesoyo. Kenako muyeso watsopano ankauyerekeza ndi mapuwo, ndipo nthawi zambiri ankaphonya ndi mamita awiri kapena atatu okha. Kuipa kwake n'kwakuti mukasuntha makabati kapena kumanga khoma lina, mapuwo amafunika kupangidwanso.

Palinso njira yakale imene okonda mawailesi amaigwiritsa ntchito pa masewera awo otchedwa kusaka nkhandwe, pamene wina amabisa kawailesi kotumiza mafunde ndipo anzake amapikisana kukapeza. Mungaiyese ndi foni ya Android imene ili ndi pulogalamu yoonetsa mphamvu ya Wi-Fi. Mnzanu abise foni yake atayatsa hotspot. Jambulani mapu a nyumbayo, ndipo pamalo alionse imani masekondi angapo, lembani miyeso ingapo, n'kutenga wapakatikati. Kenako gundikizani foni pachifuwa n'kutembenuka pang'onopang'ono. Pamene muyeso watsikitsitsa, thupi lanu latchinga mafunde, kutanthauza kuti chimene mukusaka chili kumbuyo kwanu. Bwerezani zimenezi pa malo ena awiri, ndipo muone kumene mizere yanu ikulozera. Musaiwale kuti chingakhale m'chipinda chapamwamba kapena chapansi panu, chifukwa mafunde amadutsanso m'silabu.

Njirayi ili ndi malire ake. Chipangizo chozimitsidwa, kapena kamera imene imangosunga zithunzi m'kakhadi osatumiza chilichonse, sizingapezeke mwa kuyeza mafunde. Chimene chimatumiza mwa apo ndi apo chimafuna kudekha, monga nkhululu imene imakhala chete ikamva mapazi. Ndipo mukapeza chipangizo chokayikitsa chenicheni, musachigwire kapena kuchizula. Chijambuleni pamene chilipo, n'kudziwitsa oyang'anira makompyuta kapena achitetezo, chifukwa malo amene chinaikidwa ndi zimene zili m'kati mwake zingathandize kudziwa amene anachiika.