Matabwa Opangidwa ndi Makina: Mayina Ake ndi Miyezo Yake

Munthu akafika ku Luwawa, kummwera kwa boma la Mzimba, amalowa m'chigawo china cha nkhalango ya Viphya, imene ambiri amaitchula kuti Chikangawa. Ntchito yobzala mitengo ya paini m'nkhalangoyi inakula kuyambira mu 1964, ndipo malo obzalidwa anafika mahekitala pafupifupi 53,000. Cholinga chinali chakuti mitengoyo idzagwiritsidwe ntchito popanga mapepala, koma fakitale ya mapepalayo sinamangidwe. M'malo mwake, mitengo ija inayamba kuchekedwa matabwa. Ku Chikangawa kunakhazikitsidwa kampani ya Viply, yomwe mu 1999 inapita m'manja mwa Raiply.

M'nkhani ino tifotokoza mitundu ya matabwa opangidwa ndi makina kuchokera ku mitengo yotereyi, ndi zifukwa zimene matabwawa ayenera kutsata miyezo. Tikamanena kuti muyezo, tikutanthauza mfundo zolembedwa zimene chinthu chiyenera kukwaniritsa chisanagulitsidwe.

Thabwa wamba ndi lija lochekedwa ndi macheka kuchokera ku chipika chimodzi. Thabwa lopangidwa ndi makina ndi lija lolumikizidwa ndi guluu kuchokera ku zidutswa zambiri. Mitundu yodziwika kwa amisiri athu ilipo itatu, ndipo mayina ake akadali achingerezi. Woyamba ndi plywood. Chipika amachisenda pa makina ngati kufunyulula mphasa, n'kupeza timatabwa topyapyala. Timatabwati amatisanjikiza mopingasa, kena choimirira kena chogona, ndipo chiwerengero chake chimakhala 3, 5, 7 kapena kupitirira apo, kuti thabwalo lisapindike. Wachiwiri ndi blockboard, amene m'kati mwake mumakhala timitengo tating'ono tondandalikidwa, tokutidwa ndi timatabwa topyapyala mbali zonse ziwiri. Wachitatu ndi MDF, wopangidwa ndi mtengo woperedwa mpaka kusanduka ulusi wosalala, wosakaniza ndi guluu, n'kutsindiridwa pa makina otentha.

Mphamvu ya matabwa onsewa yagona pa guluu, ndipo wogula sangamuone guluuyo ndi maso. Pali guluu wa urea-formaldehyde, wotsika mtengo, woyenera matabwa a m'nyumba mouma mokha. Palinso wa phenol-formaldehyde, wooneka wakuda m'mbali mwa thabwa, amene amapirira madzi. Poyesa plywood wa panja, akatswiri amawiritsa kachidutswa kake m'madzi kuti aone ngati timatabwa tija tingamatuke. Nkhani imeneyi ndi yaikulu ku malo okwera ngati Luwawa, kumene nkhungu ndi chinyezi zimachuluka. Munthu akakhoma thabwa la m'nyumba pakhonde, kapena pansi pa denga lodontha, thabwalo limafufuma, limamatuka, kenaka siling'i imagwera anthu ali m'tulo.

Vuto lachiwiri ndi la mpweya. Guluu wa mtundu woyamba uja amatulutsa pang'onopang'ono mpweya wotchedwa formaldehyde, makamaka kukatentha kapena kukakhala chinyezi. Mpweyawu umalasa m'maso, umayabwa kukhosi, ndipo umavutitsa odwala mphumu. Mu 2004, nthambi ya bungwe la WHO yofufuza za khansa, ya IARC, inaika formaldehyde m'gulu la zinthu zimene zimayambitsa khansa mwa anthu. Utuchi wa mitengo unali utaikidwa kale m'gulu lomweli mu 1995. N'chifukwa chake mayiko a ku Ulaya ali ndi muyezo wotchedwa E1, umene sulola thabwa loyesedwa kutulutsa mamiligalamu oposa 0.124 a formaldehyde pa kiyubiki mita imodzi ya mpweya.

Kuno kwathu, ntchito yokhazikitsa miyezo ili m'manja mwa bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo likulu lake lili ku Blantyre. Bungweli limayesa katundu wopangidwa m'dziko muno ndi wochokera kunja, ndipo limapereka chiphaso kwa amene katundu wawo wakwaniritsa muyezo. Apa tisiyanitse mawu awiri amene ambiri amawasokoneza. Muyezo ndi mfundo zija zolembedwa, pamene chiphaso ndi umboni wakuti katunduyo anayesedwa n'kupezeka kuti akutsata mfundozo. Choncho wogulitsa akanena kuti thabwa lake ndi "la muyezo", wogula ali ndi ufulu wopempha umboni wake.

Wogula afunse kaye ngati thabwalo ndi la m'nyumba kapena la panja. Ayang'ane chidindo chosonyeza wopanga, mtundu ndi kuchindikala kwake m'mamilimita. Aonenso m'mbali mwa thabwa ngati mulibe mipata kapena malo omatuka. Matabwa asungidwe ogona, pamalo ouma, osakhudza dothi, popeza paini sapirira chiswe ngati sanathiridwe mankhwala. Chipinda chimene mwaikidwa mipando kapena makabati atsopano chizitsegulidwa mawindo kwa masiku angapo.

Kalipentala nayenso adziteteze. Pocheka MDF avale chotchinga mphuno ndi pakamwa, ndipo agwirire ntchitoyo pamalo podutsa mphepo. Zidutswa zotsala asazipereke kwa amayi kuti akasonkhere moto wophikira, chifukwa utsi wa guluu ndi wa mankhwala oteteza matabwa ndi woopsa.

Mtengo wa paini umatenga zaka zoposa 20 kuti ufike pochekedwa, ndipo moto wolusa watha kale mbali yaikulu ya nkhalango ya Viphya. Thabwa likaonongeka m'dzinja limodzi chifukwa choikidwa pamalo osayenera, mwini nyumba amaluza ndalama, ndipo mtengo wina umadulidwa nthawi yake isanakwane. Tikupempha awerengi, makamaka amisiri ndi aphunzitsi a ntchito zamanja, kuti atilembere mayina amene amagwiritsa ntchito potchula matabwa atatu aja, kuti malangizo a pa zidindo adzathe kulembedwa m'chiyankhulo chimene wogula akumva.