Mapangano a mtengo wa mawa

M'maboma a Tsangano ndi Macanga anthu amalima cimanga, mbatata ya kacewere, tirigu ndi fodya. Mlimi aliyense amadziwa kuti mtengo wa zokolola sukhazikika. Pa nthawi yokolola, mu Maio ndi Junho, cimanga cimatsika mtengo. Mu Janeiro ndi Fevereiro, nkhokwe zikapepuka, cimakwera.

Makampani nawonso amaopa kusinthasintha kumeneku. Kampani yogaya ufa imafuna cimanga caka conse. Mtengo ukakwera mwadzidzidzi, zigayo zingathe kuima ndipo anthu angacotsedwe nchito. Kuti adziteteze, makampani amacita mapangano a mtengo. Pa Cipwitikizi mapangano amenewa amachedwa derivados.

Pangano loyamba ndi lomanga mtengo. Tiyerekeze kuti mu Junho kampani yapangana ndi wogulitsa kuti mu Janeiro idzagula matani 100, tani imodzi pa meticais 15.000. Mtengo ukakwera kufika pa 20.000, kampani idzalipira 15.000. Ukatsika kufika pa 12.000, idzalipirabe 15.000. Conco panganoli sicida copezera phindu ai. Ubwino wace ndi wakuti kampani imadziwiratu ndalama zimene idzalipira.

Pangano laciwiri limapatsa ufulu wosankha. Kampani imapereka ndalama zocepa kuti idzathe kugula pa mtengo umene apangana. Mtengo ukakwera, imagula pa mtengo wa pangano. Ukatsika, imasiya panganolo nikagula ku msika, ndipo imangotaya ndalama zocepa zija.

Mapangano otere a cimanga ndi tirigu amagulitsidwa pa msika wa SAFEX, ku Johannesburg. Mu 2005, caka ca cilala, boma la Malawi linatsata njira ya makampani. Linagula ufulu wa matani 60.000 a cimanga kudzera mu Standard Bank. Mtengo utakwera, cimangaco cinabwera pa mtengo wa pangano.

Pangano lacitatu ndi la ndalama zakunja. Tirigu wa ku Tsangano ndi wocepa. Tirigu wambiri wopangira buledi m'Moçambique amacokera kunja ndipo amagulidwa ndi madola. Mu 2016 dola imodzi inakwera kucoka pa meticais pafupifupi 45 mpaka kupitirira 70. Kampani yoitanitsa tirigu ingathe kupangana ndi banki lero mtengo wa madola amene idzafuna patapita miyezi itatu. Ikatero, mtengo wa ufa sudumpha tsiku limodzi.

Mapangano amenewa saletsa cilala ndipo sacurukitsa zokolola. Amangocotsa mtolo wa kusintha kwa mtengo pamutu pa wina ndi kuusenzetsa wina amene wavomera kuunyamula.

Mafunso
1. Kodi cimanga cimakwera mtengo miyezi iti?
2. Pa citsanzo ca matani 100, kampani ipulumutsa ndalama zingati mtengo ukafika pa 20.000?
3. Kodi pangano loyamba likusiyana bwanji ndi laciwiri?