Tisamalize mpunga wakutchire m'madambo mwathu

Alimi anzanga, amene mumalima mpunga m'madambo a ku Nkhotakota, Salima, Karonga ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa mukuudziwa udzu wina wofanana kwambiri ndi mpunga. Umatalika kuposa mpunga wobzala, ngala zake zimakhala ndi ndevu zazitali, ndipo njere zake zimayoyoka zikangokhwima. Ambiri timauzonda chifukwa ukalowa m'munda suchoka msanga. Umenewu ndi mpunga wakutchire, ndipo akatswiri amautcha Oryza longistaminata. Ndi m'bale weniweni wa Kilombero ndi Faya amene timalima.

M'munda, udzuwu ndi wovuta ndithu. Mizu yake imayenda pansi pa nthaka n'kumatulutsa mphukira zatsopano, choncho ukaudula pamwamba umaphukanso. Umalanda chakudya cha mpunga wanu, ndipo njere zake zikasakanikirana ndi zokolola, mpunga umatsika mtengo pamsika. Ukamera pakati pa mbewu zanu, uzuleni ndi mizu yomwe. Koma kumapeto kwa dambo, m'zithaphwi ndi m'malo osalimidwa, udzuwu tiyenera kuusiya.

Chifukwa chake n'chakuti mpunga wakutchire wakhala zaka zambirimbiri ukupirira wokha matenda, tizirombo, kusefukira kwa madzi ndi chilala popanda feteleza kapena mankhwala. Mphamvu zimenezi akatswiri amazitenga n'kuziika mu mpunga wobzala pokwatitsa mitundu iwiriyi. Mpunga wakutchire wa mtundu womwewu wotengedwa ku Mali unathandiza akatswiri a bungwe la IRRI ku Philippines kupanga mbewu zopirira matenda owaukitsa masamba a mpunga. Ku Yunnan m'dziko la China anaukwatitsa ndi mpunga wobzala, ndipo mu 2018 anatulutsa mbewu yotchedwa PR23 imene mlimi amakolola kwa zaka zingapo osabzalanso, chifukwa imaphukanso yokha monga kholo lake lakutchire.

Kuno kwathu, mbewu zamakolo ndi abale ake akutchire amasungidwa kumalo osungira mbewu a ku Chitedze ku Lilongwe, ndipo kafukufuku wa mpunga amachitikira ku Lifuwu m'boma la Salima. Komabe mbewu yosungidwa m'firiji imakhala chikhalire. Imene yatsala m'dambo ndi imene imapitiriza kuzolowera nyengo yathu imene ikusinthasintha. Nyanja ya Chilwa inauma mu 1995 ndiponso mu 2018. Udzu umene unapulumuka nthawi zimenezo uli ndi mphamvu imene tidzaifuna m'minda mwathu m'tsogolo.

Vuto ndi lakuti malo ake akuchepa chaka ndi chaka. Madimba tikulima mpaka pamadzi penipeni. Ena akukumba ngalande zoumitsa dambo, ena akuumba njerwa ndi kukumba mchenga momwemo. Ng'ombe zikulowa m'dambo udzu usanakhwimitse njere, mankhwala opha udzu akuthiridwa mpaka m'zithaphwi, ndipo osaka mbewa akuyatsa moto m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala nthaka itauma gwa. Moto wa nthawi imeneyo umatentha njere zimene zinagwa pansi n'kusiya dothi lambulanda. Mvula yoyamba ikabwera, dothilo limakokoloka n'kukwirira zithaphwi.

Pali zinthu zimene mudzi uliwonse ungachite popanda kuwononga ndalama. Choyamba, siyani kamzere kosalima pakati pa dimba lanu ndi madzi, kotalika mamita khumi kapena kuposerapo ngati malo alipo. Chachiwiri, gwirizanani ndi amfumu kuti mbali imodzi ya dambo isamalimidwe, ndipo ziweto zisamalowemo mpaka udzu utayoyola njere kumapeto kwa dzinja. Chachitatu, lambulani njira zotchinga moto kuzungulira malowo mwezi wa Juni usanathe, udzu ukadali ndi chinyezi. Chachinayi, musathire mankhwala opha udzu pafupi ndi madzi, ndiponso musatsukire sipuleya m'zithaphwi. Mpunga wakutchire umene mwazula m'munda muuyanike padzuwa pamalo ouma, osautaya m'ngalande zothirira chifukwa ukamera m'munda wa mnzanu.

Phindu lake simudikira akatswiri kuti mulione. Dambo lokhala ndi udzu limagwira madzi a mvula n'kumawatulutsa pang'onopang'ono, choncho zitsime za m'madimba zimafika mwezi wa Okutobala zisanaphwe. M'malo omwemo mumamera tsekera wofolera nyumba, mlulu wolukira mikeka ndi bango la mphasa. Milamba imaswana m'madzi osaya okhala ndi udzu, ndipo ng'ombe zimapeza msipu m'chilimwe kwina konse kutauma. Mudzi umene walima dambo lonse umakolola bwino zaka zoyamba, kenako umayamba kukumba zitsime zakuya ndi kugula udzu wofolera kutali.

Mukaona mpunga wakutchire m'dera lanu, dziwitsani mlangizi wa zaulimi kapena komiti yoona zachilengedwe ya m'mudzi mwanu kuti malowo alembedwe. Funsaninso agogo anu dzina limene ankautchula ndi malo amene unkamera kale, chifukwa iwo ndi amene akudziwa mmene dambolo linalili lisanalimidwe. Nkhaniyi ikambidwe pabwalo la amfumu nyengo yolima madimba isanayambe.