Jackie Selebi: Mkulu wa Apolisi Amene Anagwa Chifukwa cha Mnzake

Jackie Selebi atasankhidwa kukhala mkulu wa apolisi onse ku South Africa m'chaka cha 2000, anali munthu wakuda woyamba kukhala pampandowo, ndipo anali asanavalepo yunifolomu ya polisi. Mbiri yake inali ya ndale ndi ukazembe. M'nthawi ya tsankho anathawa kwawo, n'kukatsogolera achinyamata a chipani cha ANC ali ku Lusaka. Ufulu utabwera anakhala kazembe ku Geneva, ndipo mu 1997 ndiye anatsogolera zokambirana za ku Oslo zomwe zinabala pangano loletsa mabomba okwirira pansi. Mu 2004 anakhala pulezidenti wa bungwe la apolisi a padziko lonse la Interpol.

Chomwe chinamugwetsa ndi ubwenzi wake ndi Glenn Agliotti, munthu amene ankazembetsa mankhwala osokoneza bongo. Nkhaniyi inaphulika atawomberedwa Brett Kebble, mpondamatiki wa migodi, mu 2005, ndipo Agliotti anamangidwa pomuganizira kuti anatengapo mbali, ngakhale khoti linadzamumasula. Atolankhani atamufunsa, Selebi sanabise: anati Agliotti ndi mnzake, basi.

Ku khoti kunamveka kuti mnzakeyo ankamupatsa ndalama m'maenvelopu ndi kumugulira zovala zodula. Koma chopweteka kwambiri si ndalamazo. Selebi anamuonetsa Agliotti malipoti achinsinsi onena za Agliotti yemweyo, kuphatikizapo ochokera ku Britain. Taganizirani wapolisi wamba amene amagona kunja kutsata chigawenga, osadziwa kuti bwana wake wachiululira kale zonse. Wapolisi ameneyo ndiye anaperekedwa, pamodzi ndi makolo amene ana awo anawonongeka ndi mankhwalawo.

Boma nalo silinayere m'manja. Gulu lofufuza milandu ikuluikulu la Scorpions litapeza chikalata chomangira Selebi mu 2007, Pulezidenti Thabo Mbeki anaimitsa ntchito mkulu wa oimira boma pa milandu, Vusi Pikoli, amene gululi linali pansi pake. Wofufuza ndiye anayamba kulangidwa, woganiziridwa akadali mu ofesi. Selebi anapumitsidwa mu Januwale 2008, n'kutula pansi udindo wa ku Interpol.

Pa 2 Julayi 2010, Jaji Meyer Joffe anamupeza wolakwa pa mlandu wa katangale, ndipo mu Ogasiti anamugamula kuti akakhale kundende zaka 15. Jajiyo anadandaula poyera kuti mkulu wa apolisi ananama mu khoti atalumbira. Apilo yake inakanidwa mu Disembala 2011. Matenda a impso anali atamufooketsa, moti mu Julayi 2012 anatulutsidwa, ndipo anamwalira pa 23 Januwale 2015.

Pofika nthawi imeneyo gulu la Scorpions linali litathetsedwa kale mu 2009, ndipo Pikoli sanabwererenso pampando wake.