Musanatenge galu kumalo osungirako ziweto, dzifunseni mafunso awa

Mwina akuba akuvutitsa m'dera lanu, kapena ana akhala akukuchondererani kuti pakhomo pakhale kagalu. Mabungwe monga LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre amasamalira agalu ndi amphaka otayidwa kapena ozunzidwa, n'kuwapereka kwa anthu ofuna kuweta. Koma galu amakhala ndi moyo zaka 10 kapena kuposerapo, ndipo akamadwala, banja lanu lonse lili pachiopsezo. Musanapite kukasankha, yankhani mafunso awa moona mtima.

Kodi muzikamubayitsa katemera chaka chilichonse?

Chiwewe chilibe mankhwala zizindikiro zake zikangoyamba kuoneka. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka, ndipo pafupifupi onsewo amawatenga kwa galu. Mwa anthu 10 aliwonse omwalira, 4 amakhala ana osakwana zaka 15.

Kagalu kayenera kubayidwa kakakwanitsa miyezi 3, kenako chaka ndi chaka. Potenga galu, funsani khadi lake la katemera. Dziwaninso komwe kuli mlangizi kapena dotolo wa ziweto kufupi ndi kwanu.

Kodi thumba lanu lilola?

Mkute wokha sukwanira. Galu amafunika chakudya tsiku lililonse, monga phala la gaga losakaniza ndi usipa kapena bonya, komanso madzi oyera. Galu wanjala amakafukula kudzala, ndipo kumeneko amalumana ndi agalu osabayidwa.

Werengeraninso mankhwala a nkhupakupa ndi utitiri, komanso a njoka zam'mimba, omwe amamwetsedwa miyezi 3 iliyonse. Mazira a njokazi amatuluka m'ndowe za galu, ndipo ana osewera padothi amatha kuwameza.

Kodi muli ndi malo komanso nthawi?

Ngati mukuchita lendi, yambani mwafunsa eni nyumba. Onaninso ngati mpanda wanu ulibe pobowoka. Ambiri amatsekera galu m'kakhola kapena kumumanga pa tcheni usana wonse kuti akhale waukali. Galu wotere sasiyanitsa wakuba ndi mwana wa oyandikana nawo. Galu amafunika mthunzi, kuyenda ndi kuzolowerana ndi anthu a pakhomo.

Kodi pakhomo pali ndani?

Mwana wamng'ono asasiyidwe yekha ndi galu, ngakhale wofatsa. Ngati wina ali ndi mphumu, ubweya wa galu kapena mphaka ukhoza kumuyambitsira vutolo. Mayi woyembekezera asamawole ndowe za mphaka, chifukwa zimatha kukhala ndi tizilombo tovulaza mwana wosabadwa.

Funsaninso ngati galuyo anafulidwa kapena kutsekedwa kuti asabereke. Apo ayi, mudzapezeka ndi tiagalu tambiri tosowa kopita.

Kodi mukudziwa chochita akaluma munthu?

Tsukani bala nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Musadikire kuti muone ngati munthuyo adwale.

Ngati pa funso lina mwayankha kuti ayi, dikirani kaye. Konzani mpanda, gwirizanani ndi apabanja panu za amene azidyetsa galuyo, ndipo ikani padera ndalama ya mankhwala. Agalu ofuna pokhala sadzatha, mudzawapeza mukakonzeka.